Tsiku limene galu wanga adakanizidwa ku Mbenji

Sabata yatha ndidalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe. Akufunsa ngati n'zotheka kupita kunyanja ndi galu patchuthi cha Anakubala chikubwerachi. Akuti ana awo aona pa TikTok azungu akuthamangitsana ndi agalu pamchenga, ndiye m'nyumba mulibenso mtendere. Mayi, funso lanu lafika pakhomo poyenera, chifukwa ine zimenezi ndidaziyesa chaka chatha, ndipo mpaka lero mayi a kunyumba akafuna kundichepetsa pagulu amangoti, "Afunseni za ku Mbenji."

Galu wathu dzina lake ndi Siyeni. Ndi galu wachikuda, wofiirira, wamakutu oimirira, amene timamudyetsa mkute ndi mitu ya usipa ngati agalu ena onse a kwathu kuno ku Area 25. Dzinali adamupatsa ndi malemu mayi anga. Inu mukudziwa kuti kumudzi dzina la galu limakhala kalata yopita kwa aneba. Nthawi imeneyo mayi adali atayambana ndi munthu wina pankhani ya malire a munda, ndiye akaima pakhonde n'kuitana kuti "Siyeni! Siyeni!", womva ankamva. Dzinali mulisunge, tikumana nalo kutsogoloku.

Sikuti ndidadzuka ndi maganizo achizungu. Mnyamata amene amatiyang'anira pakhomo tikachoka adapita kumaliro ku Ntcheu, aneba athu amaopa agalu, ndipo ana anga awiri adagwirizana zoti Siyeni akatsala iwonso atsala. Ine ndidali ndi cholinga changachanga. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva za chilumba cha Mbenji, ndipo ndinkafuna kukachiponda. Ndidati tigone ku Senga Bay pa 14 October, pa 15 tikaone Mbenji, pa 16 tibwerere. Mapulani okoma papepala.

Chinthu chimodzi chokha ndicho tidachita bwino, ndipo mwini nzeruyo sindine. Kumapeto kwa September, pamene dziko limakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe pa 28, mayi a kunyumba adamutengera Siyeni kwa avetenale kukabayitsa katemera. Khadi lake adaliika m'chikwama chawo limodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana. Ine ndidawaseka kuti galu wayamba liti kuyenda ndi pasipoti.

Msewu wa M14 mukuudziwa. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, koma ukakhala ndi galu amene sadakwerepo galimoto, mtundawo umaposa wa ku Karonga. Tisadafike pa Chezi adali atasanza kale kawiri. Titadutsa Mvera n'kuyamba kutsetsereka kulowera kuchigwa, kutentha kudatimenya ngati tatsegula uvuni. Siyeni lilime panja, kupuma kwa wefuwefu, ndipo madzi amene tidanyamulira ana adathera iye. Parodibuloko wapolisi adasuzumira kumbuyo, n'kundiyang'ana, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Bwana, awanso akukasambira?"

Ku Senga Bay malo awiri ogona alendo adatibweza pageti pomwepo. Sindiwada. Nthawi ya Anakubala kumakhala anthu ngati nyerere, ana akuthamanga paliponse, ndiye mwini malo angadziputirenji mlandu chifukwa cha galu wa munthu mmodzi? Achitatu adavomera, koma adati Siyeni amangiriridwe kuseri kwa khitchini, ndipo asaonekere kumene kuli alendo. Usiku wonse adauwa. Amene mudagona kumeneko usiku wa pa 14 October chaka chatha, pepani, adali wanga.

China chimene pa TikTok sakuonetsani ndi mchenga wa mu October. Ikangokwana 10 koloko mmawa, ngakhale munthu wovala patapata amayenda modumphadumpha. Galu alibe nsapato. Siyeni adaponda kamodzi, n'kulira, n'kubwerera pamthunzi wa mtengo. Madzi nawo adawakana. Mafunde atabwera adawauwa ngati akuba, kenako adathawa. Ana amene ankalota zosambira ndi galu wawo adangoti kakasi.

Mmawa wa pa 15 tidanyamuka molawirira, kudutsa pa Kamuzu Road, kulowa msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota, kenako kukhotera kunyanja pamsewu wafumbi mpaka padoko la Chikombe. Apa ndi pamene amakwerera maboti opita ku Mbenji, ndipo ndi pamene nsomba za kuchilumbako zimafikira. Si malo a tchuthi. Ndi pantchito. Maboti a injini akukocheza, anyamata akutsitsa mabeseni, amayi a geni akukangana mitengo, njinga zakabaza zikudikira katundu, ndipo kumtunda kuli mathandala ataliatali oyanikapo nsomba, akunyezimira padzuwa ngati malata atsopano. Chilumbacho chimaonekera patali, chakuda bii pamwamba pa madzi.

Ndiyeno tangoganizani: pakati pa anthu otanganidwa chonchi pakutulukira bambo wovala kabudula ndi magalasi akuda, mayi wanyamula ambulera, ana awiri, ndi galu pachingwe. Anthu adasiya kaye ntchito.

Ndidapeza mkulu wina mwini boti atakhala pamthunzi akusoka ukonde. Titalonjerana ndidamuuza za ulendo wathu. Adandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako adayang'ana mayi a kunyumba, adayang'ana mwana wanga wamkazi, adayang'ana Siyeni, n'kuyika singano pansi.

"Achimwene," adatero, "inuyo ndi kamnyamataka ndikhoza kukutengani, tikayamba tauza akomiti. Mayiwa ndi mtsikanayu sangaponde kumene kuja. Galuyu ndiye m'boti mwanga salowa n'komwe."

Ndidayesa kunyengerera. Ndidati galuyo ndi wofatsa, ndi wobayitsa, ndiwonjezerapo kenakake pamtengo. Mkuluyo adangoseka. Adati kuchilumba kuja anthu amagona pafupi ndi nsomba zawo, ndipo aliyense wopita kumeneko amapita kukagwira ntchito. Adawonjeza kuti m'boti mwake mumakwera anthu amene amaswali, ndipo malovu a galu akakhudza chovala, munthu amayenera kutsuka kaye asadapite kumzikiti. Ine wokulira ku Lilongwe zimenezi sindidaziganizireko, chonsecho ndikudziwa bwinobwino kuti m'mbali mwa nyanja ku Salima muli Asilamu ambiri.

Kwa amene simukuchidziwa, chilumba cha Mbenji chili m'dera la Senior Chief Makanjira, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1950 usodzi wa kumeneko wakhala m'manja mwa mfumu ndi akuluakulu ake. Chaka chilichonse mu December chilumba chimatsekedwa, asodzi onse amasamuka, ndipo chimatsegulidwanso mu April pamwambo umene pamafika anthu ambiri. Miyezi imeneyi nsomba zimaswana popanda wozisokoneza. Maukonde a maso ang'onoang'ono saloledwa. Kupha nsomba usiku ndi nyali, kumene kwafala m'madoko ena, kumeneko n'koletsedwa. Mowa, chamba ndi njuga sizifika. Njoka za pachilumbapo siziphedwa. Akazi sapondako. Wophwanya malamulo amaweruzidwa ndi komiti, ndipo akhoza kupirikitsidwa.

Zotsatira zake zimaoneka m'mabeseni. Utaka wa ku Mbenji ndi wodziwika, ndipo asodzi amachokera kutali, ena mpaka ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, kudzapha nsomba kumeneku nyengo ikatsegulidwa. Kumbukirani kuti kunyanja ya Malombe chambo chidatha anthu akuona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ndi pamene boma lidayamba kukhazikitsa makomiti a m'madoko. Lamulo la zausodzi la 1997, limene lidavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba, lidapeza a ku Mbenji atachita kale zimenezi kwa zaka pafupifupi 40. N'chifukwa chake akatswiri a ku Mzuzu University ndi anzawo a ku University of Strathclyde ya ku Scotland akhala akufufuza za chilumbachi kuti aone chimene ena angaphunzirepo.

Mayi a kunyumba zonsezi adazimva, koma chidawakhudza ndi chimodzi. "Ndiye kuti ine ndi Siyeni tili gulu limodzi?" adafunsa. "Komanso pa tsiku la Anakubala?" Amayi a geni amene adali pafupi adaseka mpaka kugwira nthiti. Mmodzi adati, "Musadandaule asisi, ifenso tidabadwira pompano koma sitidakupondeko. Ndalama zake ndiye timagwira ndife."

Kunena chilungamo, lamulo la akazili limandivuta mpaka pano. Eni ake amati ndi mwambo wa mizimu ya pachilumbapo, ndipo ena amati limathandiza kuti pasakhale ndewu ndi matenda pakati pa amuna ambirimbiri okhala malo amodzi. Ine ndikuona kuti mwana wanga wamkazi akadzakhala katswiri wa zansomba, lamuloli lidzamutsekera khomo limene mchimwene wake adzalowa mosavuta, ndipo zimenezo sizindikomera. Koma imeneyo ndi nkhani yoti eni dera akambirane ndi mfumu yawo. Munthu wobwera ndi kabudula kudzakhala maola atatu sangafike n'kuyamba kusankha malamulo amene amukomera. Ndikadaloledwa kulowetsa galu chifukwa ndawonjezera ndalama, mawa wina akadalowetsa kachasu, mkuja ukonde wa udzudzu, ndipo Mbenji ikadafanana ndi madoko ena onse.

Nzeru zimenezi ndikuzinena lero. Tsiku limenelo ndidali ndikadakangana ndi mayi a kunyumba, ine ndikuti ndipite ndekha ndi mnyamata, iwo akuti tidabwera limodzi tibwerera limodzi. Chingwe cha galu ndidapatsira mwana wanga wa zaka 9.

Sindidaone mmene zidayambira. Ndidangomva phokoso kumathandala. Siyeni adali atapulumuka, ndipo fungo la nsomba limene lidamuzunza kuyambira mmawa lidamugonjetsa. Adadumphira thandala lina lalifupi, bango lidathyoka, utaka balala pamchenga. Ine ndidathamanga ndikukuwa, "Siyeni! Siyeni!" Amayi amene ankatola nsomba zawo adaimirira n'kundiyang'ana modabwa. Mmodzi adakalipa, "Tisiye chiyani? Nsomba zathu zomwe?" Malemu mayi anga akadaona akadaseka mpaka misozi.

Kuseka kudatha msanga. Kamnyamata kena ka zaka ngati 6, mwana wa mayi mwini thandalalo, kadagwira Siyeni mchira kuti kamukoke. Galu ali ndi nsomba kukamwa, ali pamalo achilendo, anthu akukuwa mbali zonse. Adatembenuka n'kukaluma pamkono.

Bala silidali lalikulu. Mano awiri adalowa, magazi pang'ono. Koma kulira kwa mayi wa mwanayo sindidzakuiwala. Sankalira nsomba, sankatukwana ine. Ankangoti, "Chiwewe! Mwana wanga, chiwewe!" Pambuyo pake adandiuza kuti zaka zingapo zapitazo mwana wa mchemwali wake adalumidwa ndi galu wa m'mudzi, bala lidapola, anthu adaiwala, ndipo patatha miyezi iwiri mwanayo adayamba kuopa madzi. Adamwalira atamumangirira pabedi.

Mantha a mayiyu adali oyenera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59 000 chaka chilichonse, makamaka muno mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Anthu 4 mwa 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, palibe dokotala amene angamupulumutse munthu. Kuno kwathu, imfa za ana pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi zimene zidachititsa bungwe la Mission Rabies kuyamba katemera wa agalu mumzindawo mu 2015, ndipo chaka choyambacho adabaya agalu oposa 35 000. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amasiya kufala. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, galu wachilendo akaluma mwana, palibe amene amayamba waganiza kuti ndi wobayitsa.

Mayi a kunyumba ndi amene adagwira mtima. Adaitanitsa sopo ndi madzi, ndipo adatsuka balalo kwa mphindi 15 akuyang'ana nthawi pafoni, monga mmene avetenale adawauzira tsiku la katemera lija. Anthu ena ankati athire mchere, ena ankati afune ubweya wa galuyo autenthe apake pabalapo. Iwo adangopitiriza kutsuka. Atatha adatsegula chikwama n'kutulutsa khadi lija ndinkaliseka. Mphunzitsi wina amene adali padokopo adaliwerenga mokweza: dzina la galu, tsiku la katemera, chidindo. Phokoso lidatsika. Anyamata awiri amene adali atatola kale miyala adaiponya pansi. Popanda khadi limenelo, Siyeni sakadachoka pa Chikombe wamoyo, ndipo sindikadakhala ndi pakamwa powadzudzula.

Tidanyamula mwanayo ndi mayi ake kupita pachipatala chaching'ono chapafupi. Adokotala adatsukanso bala, adaona khadi, koma adati pankhani ya chiwewe sachita zongoyerekeza. Adatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu paboma kuti mwana akayambe jakisoni, ndipo adati galu timumangirire ndi kumuyang'anira kwa masiku 10. Galu amene adali ndi chiwewe m'malovu tsiku limene adaluma munthu satha masiku 10 asadadwale kapena kufa. Akakhala wathanzi mpaka tsiku la 10, mtima ukhoza kukhala pansi. Tsiku la Anakubala lidathera pabenchi, mayi a kunyumba atakhala pambali pa mayi mnzawo, ana anga ali chete kumbuyo kwa galimoto ndi galu wawo.

Madzulo tidabwerera padoko, chifukwa nkhani ya nsomba idali isadathe. Adatikhazika pansi akuluakulu atatu a komiti. Padalibe kukuwa. Adawerengera nsomba zoonongeka, bango lothyoka, tsiku la geni limene mayi uja adataya, ndi thiransipoti ya maulendo otsala a kuchipatala. Ndalama zimene ndidasungira boti lopita ku Mbenji zidathera pamenepo, ndi zina za mafuta obwererera. Sindidatsutse ngakhale tambala.

Mkulu mmodzi, wandevu zoyera, adandifunsa funso limene lidandisowetsa mawu. Adaloza agalu awiri a pamudzipo amene adagona pansi pa thandala lodzaza nsomba, osakhudza ngakhale imodzi. "Mwawaona awo? Adabadwira pano. Akudziwa kuti nsomba ya pamwamba ndi ya munthu, yogwa pansi ndi yawo. Wanuyu ndani adamuuza? Inu mwabwera naye kumunda kwa eni, mwampatsa mwana chingwe, inu muli kalikiliki kukangana za boti." Adatcha gombelo munda. Ine tsiku lonse ndinkaliona ngati bwalo losewerera.

Ndiye mayi a ku Area 47, yankho langa ndi ili. N'zotheka, koma muyambe mwaimbira foni kumalo kumene mukagone, ndipo akuuzeni momveka kuti galu amalola. Katemera wa chiwewe akhale wa chaka chomwechi, khadi likhale m'chikwama, osati m'kabati kunyumba. Chingwe chigwiridwe ndi munthu wamkulu nthawi zonse. Pamchenga mupite naye mmamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo pafupi ndi mabango kapena pamene mtsinje ukuthira m'nyanja musamufikitse, chifukwa ng'ona galu imamukonda. Padoko la asodzi, pamene pali mathandala, musiyeni kutali. Mukaona kuti zonsezi zachuluka, mupatseni mnyamata wa aneba kangachepe azimupatsa chakudya masiku awiriwo. Galu sadziwa kuti kuli tchuthi, ndipo Siyeni atafika kunyumba adathamangira pamalo pake pansi pa mtengo wa mango ngati munthu wotuluka m'ndende.

Masiku 10 aja adali aatali. Mmawa uliwonse ndinkadzuka kukamuyang'ana Siyeni: wadya? wamwa madzi? maso ali bwanji? Akangoyasamula mtima unkagunda. Madzulo aliwonse ndinkaimbira foni mayi uja kudzera kwa mphunzitsi amene adawerenga khadi. Tsiku la 10 lidakwana pa 25 October, galu akugwedeza mchira, akulimbana ndi fupa. Nditawauza, mayiwo adakhala chete kanthawi, kenako ndidamva akuuza anthu kumbali kuti, "Akuti galu uja ali bwinobwino."

Patatha sabata ziwiri kondakitala wa minibasi ya ku Salima adandiimbira kuti ndikatenge katundu wanga kudepoti. Kadali kajumbo ka utaka wouma wa ku Mbenji, wonenepa, ndi kakalata kolembedwa ndi pensulo. Mayi uja ankati mwana wachira ndipo wabwerera kusukulu, nsombazo ndi za mayi a kunyumba chifukwa cha sopo uja. Pansi pake adawonjezera kuti tikadzabweranso tidzafikire kwawo, koma Siyeni adzatsale.

Chilumbacho sindidachipondebe. Mkulu wa boti uja adati ndidzabwere mu April nthawi yotsegulira, ndekha. Mayi a kunyumba akuti aganizira kaye ngati ndikuyenera kupatsidwa chilolezo.